Kabokosi Kamene Ndinaloka Ndekha

Wondilakwira ine ndi msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Nsanama. Anatenga ntchito imene ndinapanga ndi manja anga n'kukaionetsa kwa mabwana ngati yake, kenako anasintha pasiwedi, ine n'kutsala panja ndi matumba a chimanga paphewa. Zinachitika chaka chija mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Mpaka lero ndikamva kaphokoso kamene kompyuta imachita ikamakana chinthu, ndimakumbukira zonsezi.

Tinabadwa chaka chimodzi. Ku madarasa tinkakhala pamkeka umodzi, kusukulu pabenchi imodzi, ndipo masamu ankaonera kwa ine. Sindikudzitama, iyenso akudziwa. Kusiyana kwathu n'kwakuti iye ukamutukwana amaseka, pamene ine milomo imayamba kunjenjemera. Tili Folomu 1 mphunzitsi wina anandinena pagulu kuti ndikununkha matemba, poti Loweruka ndinkathandiza amayi kuyanika nsomba za ku Chiuta. Ndinamugenda ndi dasitala. Sukulu yanga inathera pomwepo, msuweni n'kupitiriza mpaka anatenga pepala la Folomu 4.

Ine ndinatsikira ku Liwonde. Nditayesa kabaza n'kukangana ndi mwini njinga, ndinapeza malo pakashopu kena ka fotokope ndi kutayipa makalata, kufupi ndi pokwerera maminibasi. Kompyuta ndinaiphunzira pamenepo, ndekha, mongodinadina kasitomala akasowa. Chimene chinandikoka kwambiri ndi pulogalamu ija ya timabokosi, imene umalemba mayina ndi manambala m'mizere iyo n'kumasanja yokha. Kenako ndinatulukira kuti timabokosito timatheka kuloka. Umasankha timene ukufuna kuti anthu azilembamo n'kutisiya totsegula, totsalato umatikhoma ndi pasiwedi. Wina akafuna kusintha pokhomapo, kompyuta imalira kamodzi n'kumuuza kuti pano iyayi. Tsiku limene ndinadziwa zimenezi ndinayenda mumsewu wa Liwonde chifuwa chili patsogolo. Munthu wothamangitsidwa sukulu ndinali nditapeza khomo limene ndikhoza kutsekera ena.

Njala itayamba kuonekera, bungwe lina laling'ono la ofesi yake ku Balaka linabwera kudzalemba mabanja a kwathu kuti adzalandire chimanga. Linkafuna achinyamata a m'deralo. Msuweni anamulemba ukalaliki chifukwa cha pepala lake, ine anandilemba kuti ndiziperekeza m'midzi ndi kumasulira Chiyao. Woyang'anira anali mayi wina wa magalasi, tonse tinkangoti amadamu. Anapereka laputopu kwa msuweni n'kunena kuti mayina onse alowe mmenemo.

Msuweni laputopu ankaigwira ngati ingamulume. Chala chimodzi, lilime panja, kufunafuna chilembo ngati chathawa. Tsiku lachiwiri anafufuta mudzi wathunthu osadziwa kuti wadina pati. Anandipeza thukuta lili kamukamu, akuti msuweni ndipulumutse, andichotsa ntchito isanayambe n'komwe. Ndiye tinagwirizana kachitidwe. Amadamu akakhalapo, laputopu ili pamiyendo pake. Akangokwera galimoto kubwerera ku Balaka, ili kwa ine.

Tsamba lonse la timabokosi lolembamo mayinawo ndinayala ine. Mzere wa dzina, wa mudzi, wa chiwerengero cha anthu odya mphika umodzi, ndi wina umene unkanena wokha ngati banja lili m'gulu la olandira kapena la odikira. Lamulo la bungwe linali lakuti chimanga n'chochepa, ayambe ndi mabanja aakulu, a anthu ochepa adikire kaye. Mudzi ukatha kulembedwa ndinkauloka, kuopa chala cha msuweni. Ndinasiya mizere iwiri yokha yotsegula, wochonga kuti munthu walandira ndi wa ndemanga kumapeto kwenikweni. Pokhoma ndinapaka motuwa, potsegula ndinasiya poyera, kuti asamasokonezeke. Ndinamusonyeza mokhomera ndi motsegulira, pang'onopang'ono, katatu konse. Kachitatuko ndinamugwira dzanja ndi mausi womwe.

Apa ndinene changa, chifukwa ndikachibisa nkhaniyi siimveka. Titafika m'mudzi mwathu ndinafunsa amayi funso lomwe tinkafunsa aliyense, kuti mphika wanu mukudya anthu angati. Anawerenga pazala: iwo, ine, achemwali anga ndi ana awo anayi. Asanu ndi awiri. Achemwali anali atangobwera kumene kuchokera ku Balaka, alamu atapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Kwathu mwana wamkazi akabwerera kwa mayi wake wabwera kwawo, palibe amene amamuyesa mlendo. Aliyense m'mudzimo anawerenga ana ake aakazi ndi zidzukulu zomwe. Koma ine ndinalemba 2. Ndinadziuza kuti achemwali angobwera kudzacheza, alamu awaitanitsa posachedwa. Zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi. Sindinafune kuti amadamu akamawerenga apeze nyumba ya kwathu ili ndi pakamwa pambirimbiri, anene kuti womasulirayu wadzikundikira. Ndinkaganizanso kuti akaona tsamba limeneli andipatsa ntchito yeniyeni, amayi ndiziwadyetsa ndekha, asamakakhale padzuwa ndi khamu. Amayi sadziwa kuwerenga. Anayang'ana galasi la laputopu n'kunena kuti zikomo bambo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaloka mudzi wathu.

Kalembera atatha anatiitanira ku ofesi ku Balaka. Kunabwera mkulu wina wa makompyuta wochokera ku tauni, wa nsapato zosongoka. Anati bungwe lili ndi pulogalamu yakeyake, ndipo masamba a makalaliki onse awalowetsa mkati mwake kuti asamayendeyende pa mafulashi. Atatsegula masamba a makalaliki ena anapukusa mutu. Atatsegula lathu anakokera mpando pafupi. Anati ili silisowa kukonza, alilowetsa mmene lililimu, ndipo maloko akewa awatengera ku masamba ena onse. Kenako anafunsa kuti anayala chonchi ndani.

Ine ndinali kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi adalaivala. Ndinayamba kudzuka. Msuweni anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, “Tinangoyesetsa, bwana.”

Basi. Sanatembenuke. Amadamu anaomba m'manja, ena onse n'kutsatira. Mkulu uja anamugwira paphewa n'kunena kuti ana a Folomu 4 a masiku ano ali ndi mitu. Ndinakhalanso pansi. Tsiku lomwelo anamupatsa shati ya kolala ya bungwe ndi chipewa, ife operekeza anatipatsa zipewa zokha. Mkuluyo analamulanso kuti pasiwedi isinthidwe, aziidziwa kalaliki ndi amadamu basi, ndipo kusintha chilichonse pokhoma kuzichitika amadamu atavomera. Ndinaona msuweni akulemba pasiwedi yatsopano ataphimba kiyibodi ndi dzanja lamanzere. Ankabisa kwa ndani m'chipindamo, poti wodziwa kuyang'ana zala za munthu ndinali ine ndekha?

Pobwerera anakwera kutsogolo kwa galimoto. Ine kumbuyo ndi masikelo. Titatsika anandiuza kuti ndisadandaule, akanatchula ine akanafunsidwa chifukwa chimene laputopu ya bungwe imagwiridwa ndi munthu wosaloledwa, tonse tikanachotsedwa. Mwina zinali zoona. Ine ndinkangoyang'ana kolala ija.

Mvula itagwa njala inaluma zenizeni. Kashopu ka ku Liwonde anali atalembapo wina, ndipo kumasulira kunatha ndi kalembera, ndinangotsala wotsitsa matumba tsiku logawa. Kwathu tinayamba madeya, madeya atasowa tinalowa mango aawisi owiritsa. Achemwali ankapita kudambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi. Mwana wawo wamng'ono anasiya kusewera, ankangokhala pakhonde n'kumatsatira nkhuku ndi maso. Ntchito yeniyeni ija imene ndinkati ndidyetsere amayi inali itavala shati ya kolala, ikuyenda ndi msuweni.

Kugawa koyamba kunachitikira pabwalo la sukulu ina kufupi ndi Nsanama. Msuweni anamuikira tebulo pansi pa mtengo wa mango, laputopu patsogolo, botolo la madzi pambali. Azimayi achikulire amene anamuona akuyenda wopanda kabudula ankamugwadira, akuti akalaliki tioneni. Atsikana ankaima chapatali n'kumasuzumira galasi. Iye ankatchula dzina, kuchonga m'kabokosi koyera, basi. Ntchito ya chala chimodzi, imene ndinachita kumuphwanyira kuti asaivutike. Ine ndinali palole, fumbi la matumba lili m'maso, munthu wina akundikuwira kuti aise fulumira.

Amayi anabwera wapansi ndi chitenje chomangira thumba. Anakhala padzuwa mpaka dzina lomaliza. Atabalalika anthu anandipeza kuseri kwa lole n'kundifunsa motsitsa mawu kuti bwanji ife, poti anzathu a anthu asanu alandira. Ndinawauza kuti ndi kompyuta, nthawi zina imasankha yokha. Anagwedeza mutu n'kupinda chitenje chija. Popita anadzera patebulo kukapereka moni kwa mwana wa achimwene awo, ndinamva akumuyamikira kuti shati yamukhala.

Mawa lake ndinamupeza msuweni kwawo akuchajitsa laputopu pa sola. Ndinamuuza kuti atsegule mzere wa amayi asinthe 2 akhale 7, ndi nkhani ya mphindi imodzi, palibe angaone. Anati waona kale kuti azakhali ali kwa odikira ndipo zikumupweteka, koma ndondomeko siilola. Anati kalaliki wina kudera lina anachotsedwa chifukwa cholowetsa abale ake, ndipo pulogalamu yatsopanoyi imasunga kuti watsegula ndani, tsiku lanji. Ndinamuuza kuti sindikupempha kuti abe, anthuwo alipodi asanu ndi awiri, apite akawawerenge. Anati akudziwa, ndidekhe, akuyendetsa.

“Ukuyendetsa chiyani iwe, woti mausi ndinachita kukugwira dzanja?”

Anaseka, kuseka kwake kuja. Anati, “Msuweni, loko ameneyu unaika ndiwe. Unati asamatsegule aliyense. Lero ukufuna akhale wa anthu ena okha?”

Ndinamenya chitseko chawo ndi phazi mpaka chinaguluka. Amalume anatuluka, ine ndili kale pamsewu.

Kugawa kwachiwiri kunagwa Lachisanu. Dzuwa lili pamutu ntchito inaima kuti anthu apite ku Juma. Msuweni anatseka laputopu theka, n'kuuza wapampando wa komiti ya m'mudzi kuti aiyang'anire, iye n'kuthamangira kumzikiti. Wapampandoyo anali mkulu wokonda kugona, ndipo ankandidziwa kuti ndine wa bungwe lomwelo. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuona batire. Tsiku limenelo sindinapite kukaswali kumzikiti.

Ndinapeza mudzi wathu, ndinapeza mzere wa amayi. Kabokosi kotuwa, 2 ali mkati, mmene ndinamusiyira. Ndinadina 7. Kompyuta inalira kamodzi. Ndinayesa pasiwedi yakale, inakana. Ndinayesa dzina la mayi a msuweni, dzina la timu imene amaikonda, chaka chimene tinabadwa. Inakana zonse. Ndinali ndi nzeru ina ya ku Liwonde, yokopera tsamba lonse n'kukalimata patsamba latsopano kumene maloko satsatira. Koma mkati mwa pulogalamu ya bungwe munalibe potengera tsamba latsopano, mkulu wa nsapato zosongoka uja anali atatseka njira imeneyo. Ndinakhala pamenepo ndikudina 7, iyo n'kumalira, ndikudina, iyo n'kumalira, mpaka wapampando anatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati batire imalira choncho.

Ndiye ndinasuntha tsamba kupita kumapeto, kumzere wa ndemanga, poganiza kuti ndilembemo chipongwe choti akachipeze. Ndinapeza muli kale mawu. Msuweni anali atalemba, m'Chingerezi chake cha Folomu 4, kuti banja ili lili ndi anthu asanu ndi awiri, chonde liunikidwenso. Pansi pake analembanso chimodzimodzi sabata yotsatira. Kachitatu anawonjezera kuti chiwerengero chinalakwika polemba, ndipo amene anatayipa mudzi umenewu ndi womasulira, akhoza kuchitira umboni.

Munthu wina akanasangalala. Ine ndinamva ngati andithira madzi otentha kumsana. Miyezi yonseyi pakamwa pake panali potseka. Midzi yonse ija ndinatayipa, mitundu, maloko, zonse zinali “tinangoyesetsa”. Malo amodzi okha m'tsamba lonselo pamene ananena kuti anagwira ntchito ndi ine anali pa kabokosi kolakwika. Ndiponso ngakhale kupulumutsa amayi anga anali atandilanda, akuchita mwaulemu, mwandondomeko, m'kabokosi koyera kamene ndinamusiyira ine.

Sabata yotsatira amadamu anabwera kumudzi ndi msuweni, anaitanitsa komiti pakhonde la amayi. Ana anayi aja anawaimika pamzere ngati akukabayitsa katemera. Amadamu anati maso awo akuona anthu asanu ndi awiri, koma masiku amenewo mabanja ambiri ankabwereka ana kwa anansi akamva kuti kukubwera galimoto, ndiye sangatsegule pongoona. Anati ngati anthuwa analipo tsiku la kalembera, amene analemba anene yekha pamaso pa komiti kuti analakwitsa, asaine. Apo ayi, mzere ukhala mmene ulili mpaka kalembera wina.

Onse anatembenukira kwa ine. Amayi ankandiyang'ana osamvetsa, poti iwo ankadziwa kuti inalakwa ndi kompyuta. Ndinaganiza zonena kuti chala chinaterereka, koma 2 ndi 7 sizili pafupi, ndipo msuweni ankadziwa kuti chala changa sichiterereka. Mwana wamng'ono uja anali atatopa kuima, anakhala pansi pafumbi.

Ndinanena zonse. Ndinati amayi anandiuza asanu ndi awiri, ine ndinalemba awiri dala, chifukwa cha manyazi. Mayi wina wa m'komiti anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti manyazi amenewa ndi a mtundu wanji odyetsa ana mango aawisi. Wapampando anati anyamata a ku Liwonde amatero, amafuna azioneka mabwana m'thumba mulibe kanthu. Achemwali analowa m'nyumba. Amayi anangoyang'ana pansi n'kumasalaza chitenje pamaondo.

Amadamu anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndimadziwadi kompyuta. Ndinati eya. Ndinadikira funso lachiwiri, ndinali nditakonzeka kufotokoza mzere uliwonse, ndinayang'ananso msuweni kuti mwina apa anena. Iye ankapukuta galasi la laputopu ndi m'mphepete mwa shati. Amadamu anangoti, “Ndiye mwaona ubwino wake wa maloko amene anaika anzanuwa. Popanda amenewa aliyense akanamalemba zofuna zake.” Anandipatsa cholembera, ndinasaina. Msuweni anaphimba kiyibodi ndi dzanja lamanzere, analemba pasiwedi, anafufuta 2 n'kuika 7. Kabokosi ka pambali kanasintha kokha, kuchoka kwa odikira kupita kwa olandira, monga ndinakapangira. Amadamu anati taonani mmene imachitira yokha, n'kumwetulira kwa iye.

Kugawa kotsatira dzina la amayi linatchulidwa. Thumba ndinalitsitsa palole ndine, ndinalimanga panjinga yobwereka ndine, ndinalikankha mumatope mpaka kumudzi ndine. Madzulo ake ana anadya mpaka wamng'ono uja anayamba kuthamangitsa nkhuku. Amayi sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangotuma mwana kukaitana msuweni. Atafika anamuyalira mkeka watsopano, anamupatsa nsomba ziwiri zouma za makumba zimene ankasungira tsiku la mavuto, n'kumuuza kuti mwana wa achimwene, Mulungu akusunge, popanda iwe tikanaika maliro pano. Iye anati si kanthu azakhali, ndi ntchito yathu.

Ndinamuperekeza mpaka pamphambano, iye nsomba zili m'manja, ine manja ali m'thumba kuti asachite zina. Anayamba kundiuza kuti ndinachita chamuna kuvomera, ndipo akaona mpata adzandinenera kwa amadamu. Ndinaima. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga milomo siinanjenjemere, mawu anatuluka bwinobwino.

“Msuweni, za thumba zikomo, ndanena pamaso pa amayi ndipo ndikunenanso pano. Koma tsamba lija ndi langa, mzere uliwonse, loko aliyense, mpaka kabokosi koyera kamene unalembamo dzina langa. Unali ndi miyezi inayi yonena kuti ndine, unasankha tsiku limodzi lomwe kunali koti andiseke. Usadzandinenere kwa amadamu, sindikufuna. Pasiwedi sunga, shati vala. Koma tsiku limene chala chakocho chidzafufutenso mudzi, usadzabwere kwa womasulira. Udzangoyesetsa.”